Yendani pa Liwiro la Agogo: Kaphunzitsidwe ka Ntchito Yosamalira Okalamba M'dera

Nkhaniyi ndalembera inu amene mumaphunzitsa ophunzira a zachisamaliro cha anthu, ntchito imene pa Chingerezi amati social work, komanso inu amene mumawayang'anira akatumizidwa m'madera kukaphunzira ntchito. Gulu lililonse lofuna kuti dera lake likhale labwino kukalambiramo lingatolemonso kanthu.

Mukafunsa ophunzira atsopano kuti akufuna kudzagwira ntchito ndi ndani, ambiri amati ana, ena achinyamata, ena amayi ochitiridwa nkhanza. Wotchula okalamba amakhala mmodzi, mwinanso osapezeka n'komwe. Koma akangoyamba ntchito amakumana nawo pena paliponse. Mwana wamasiye amene akumutsatira uja akuleredwa ndi agogo. Pabedi la kuchipatala pagona abambo amene atulutsidwa kale koma palibe wodzawatenga. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse, WHO, limati mu 2020 anthu a zaka 60 ndi kuposerapo anali 1 biliyoni, pofika 2030 adzakhala 1.4 biliyoni, ndiye kuti munthu mmodzi mwa 6 alionse, ndipo pofika 2050 adzakwana 2.1 biliyoni, ochuluka mwa iwo ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Wophunzira amene ali m'kalasi mwanu lero adzagwira ntchito zaka zonsezi, ndipo pomadzapuma adzakhala walowa m'gulu lomwelo.

Chimene ndaona n'chakuti ukalamba suphunziridwa pa bolodi. Wophunzira amayamba kumvetsa tsiku limene wayenda pambali pa munthu wa zaka 80, pa liwiro la munthuyo, m'njira imene mwini wakeyo amadutsa. Magawo ali m'munsiwa, ena ndi okonzekera ulendo umenewo, ena ndi otuluka mu ulendowo. Onse pamodzi akwana teremu imodzi ya masabata pafupifupi 12.

Choyamba: tulutsani zimene ophunzira abwera nazo m'mutu

Tsiku loyamba musatsegule buku. Gawani timapepala, aliyense alembe mawu asanu amene amubwerera akamva liwu lakuti "wokalamba", osalemba dzina. Werengani mokweza mukulemba pa bolodi. Achuluka mawu onga kuiwala, kudwala, kudandaula, kusamva, mtolo. Mukatero auzeni kuti aliyense aganizire munthu mmodzi wachikulire amene amamudziwa bwino, alembenso mawu asanu. Mndandanda wachiwiriwu umasiyana kutalitali ndi woyamba uja: muli nthabwala, khama, ukali, luso la manja, kuuma mtima, chikondi. Musafulumire kulalikira. Asiyeni aone okha kuti woyamba uja ukunena za gulu limene sanalionepo, pamene wachiwiriwu ukunena za anthu enieni.

Khalidwe losala munthu kapena kumuweruza chifukwa cha zaka zake analipatsa dzina ndi dokotala wa ku America, Robert Butler, mu 1969. Analitcha ageism. Lipoti limene WHO inatulutsa mu 2021 linapeza kuti padziko lonse munthu mmodzi mwa awiri alionse ali ndi maganizo osala okalamba. Choncho musadabwe kulipeza mwa ophunzira anu, ngakhalenso mwa inu nomwe. Silibwera ndi chipongwe nthawi zonse. Kawirikawiri limabwera litavala chifundo: kulankhula ndi woperekeza mwini wake ali pompo, kukuwira munthu amene akumva bwinobwino, kamawu konyengerera ngati ukulankhula ndi khanda, kapena kunena kuti "ndi ukalamba basi" pamene munthu akudwala matenda ochizika. Auzeni ophunzira kuti sabata yonseyo azilemba paliponse pamene aona zoterezi.

Aphunzitsi ena amaveka ophunzira magalasi opaka mafuta, kuwatseka makutu ndi thonje ndi kuwamanga zolemera m'miyendo kuti alawe ukalamba. Ine sindilimbikitsa zimenezi. Wophunzira amavula zinthuzo atagwidwa chisoni ndi mantha, n'kutsimikiza kuti kukalamba ndi kulumala basi. Munthu amene maso ake anayamba kuchita chidima zaka 10 zapitazo anapeza kale njira zake zokhalira, ndipo njira zimenezo simungazilawe m'mphindi 20. Ngati mwasankha kuchita masewerawa, m'chipindamo mukhale wachikulire woti akonze zolakwika.

Chachiwiri: pezani aphunzitsi anzanu achikulire

Ndikuti aphunzitsi anzanu, osati anthu oti ophunzira akawaphunzirirepo. Funani anthu 8 kapena 10 amene avomere kuyenda ndi kalasi yanu teremu yonse. Njira yachidule ndi kupempha mtsogoleri wa m'dera kuti akusankhireni, koma njira imeneyi imabweretsa anthu amodzimodzi: athanzi, ophunzira, ozolowera misonkhano. Amenewo ndi ofunika, koma pakhalenso mayi wokhala yekha, munthu woyendera ndodo kapena njinga ya olumala, wina wosamva bwino, wina wosadziwa kuwerenga, wina amene akusamalira mkazi kapena mwamuna wake wodwala. Musaiwale kuti wa zaka 62 ndi wa zaka 88 angathe kukhala mwana ndi kholo lake. Kuwaika m'thumba limodzi lakuti "okalamba" n'chimodzimodzi kunena kuti khanda ndi munthu wa zaka 26 zosowa zawo n'zofanana.

Pitani nokha kukawapempha, musatume wophunzira. Fotokozani poyera kuti ophunzira azibwera kangati, azilemba chiyani, zolembazo aziona ndani, ndiponso kuti ali ndi ufulu wosiya tsiku lililonse popanda kupereka chifukwa. Nenaninso chimene simudzabweretsa. Ngati mulibe thandizo la ndalama kapena katundu, nenani pa tsiku loyamba, chifukwa chiyembekezo chimene simunachiletse chimasanduka lonjezo. Zoyendera zawo akabwera kusukulu muziwabwezera.

Ku Manchester, akatswiri a pa yunivesite anaphunzitsa anthu achikulire kuti akhale ofufuza anzawo. Iwowa ndi amene ankapita kukacheza ndi achikulire ena obindikira m'nyumba, amene mlendo sakanawapeza.

Chachitatu: apatseni maziko ochepa koma olimba

Masabata awiri akwana. Pali mfundo imodzi imene wophunzira akaigwira, zina zonse zimatsatira. Mu 1973, Powell Lawton ndi Lucille Nahemow anafotokoza kuti mmene munthu wokalamba akukhalira zimachokera pa zinthu ziwiri zokumana: mphamvu zimene thupi ndi maganizo ake ali nazo, ndi zimene malo okhala akufuna kwa iye. Mphamvu zikamachepa, malo amayamba kulamulira kwambiri. Sitepe yaitali pakhomo la ofesi si kanthu kwa mnyamata, koma kwa mayi wa mawondo otupa ndi khoma. Mawondo aja mwina sitingawabwezeretse, koma sitepe ija tingathe kuitsitsa. Wophunzira azolowere kufunsa mafunso awiri nthawi zonse: munthuyu akutha chiyani, nanga malowa akumukaniza chiyani?

Pa mfundo yomweyi ndi pamene panamera ganizo la madera okomera okalamba. Mu 2007, WHO inatulutsa kalozera atafunsa achikulire, owasamalira ndi ogwira ntchito m'mizinda 33, kuphatikizapo Nairobi, Rio de Janeiro, Tokyo, London ndi New Delhi. Mayankho awo anagwera m'mbali 8: malo a panja ndi nyumba zofikamo anthu, mayendedwe, nyumba zokhalamo, kucheza ndi kusonkhana ndi ena, ulemu ndi kusasalidwa, kutenga mbali pa zochitika ndi ntchito, kulandira uthenga, komanso chithandizo cha m'dera ndi cha zaumoyo. Ophunzira asaloweze ngati ndakatulo. Aone mmene mbalizi zimakokerana. Basi ikasiya kuima pafupi, munthu amasiya kupita kwa anzake. Akasiya kupita kwa anzake, uthenga sumupeza. Uthenga ukapanda kumupeza, tsiku lopima maso limamudutsa.

Mbali ina ya masabatawa ikhale yosiyanitsa ukalamba ndi matenda, ndipo apa itanani namwino kapena dokotala. Kuiwala pamene waika makiyi n'kwa aliyense, koma kusochera m'njira imene wayendamo zaka 40 ndi chizindikiro cha matenda a ubongo otchedwa dementia, amene agwira anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse. Matendawa amabwera pang'onopang'ono. Munthu akasokonezeka mutu mwadzidzidzi, m'maola kapena m'masiku ochepa, chimenecho n'china: mwina ndi matenda a m'chikhodzodzo kapena a m'chifuwa, kuchepa kwa madzi m'thupi kapena mankhwala amene akumwa, ndipo afunika kuchipatala tsiku lomwelo. Wongokhala duu osalankhula mwina akuvutika maganizo, mwinanso sakumva chabe. Wophunzira si dokotala, koma adziwe nthawi yoti athamangire kwa dokotala.

Chachinayi: ulendo woyamba ndi wokamvetsera

Atumizeni awiriawiri, gulu lililonse kwa wachikulire mmodzi amene likhale naye mpaka teremu kutha. Pa ulendo woyamba asatenge fomu.

Izi ndinaziphunzira movutikira. Chaka china ndinatumiza ophunzira ndi pepala la mafunso ambirimbiri. Mayi ena achikulire anayankha onse mwaulemu: zili bwino, palibe vuto, ndikuthokoza. Fomu inabwera yoyera ngati ya munthu wosasowa kanthu. Patapita milungu itatu, wophunzira mmodzi akucheza nawo anafunsa kuti gulu lawo loimba likuyenda bwanji. Mayiwo anakhala chete, akusisita bondo ndi chikhatho, kenako anati, "Mwanawe, ndinasiya chaka chatha. Kumene timakumana kulibe chimbudzi, ndipo ine masiku ano sinditha kupirira. Ndinadzinyowetsa kamodzi, sindinabwererenso." Pa fomu ija panalibe funso limene likanatulutsa zimenezi, ndipo ngakhale likanakhalapo, sakanauza mlendo pa tsiku loyamba.

Choncho aphunzitseni kukhala pansi. Afunse mwini nyumba dzina limene akufuna kuitanidwa nalo. Akhale moyang'anizana naye, kuwala kukuwomba nkhope ya wophunzira kuti wosamva bwino athe kuona milomo. Wailesi ikhale yotseka ngati mwini wake walola. Alankhule momveka, mosathamanga, osati mokuwa, pakuti kukuwa kumapotoza mawu. Akafunsa funso adikire. Achinyamata ambiri amaopa kachetechete, ndiye amafulumira kumalizitsa chiganizo cha munthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Funso limene limatsegula zambiri ndi ili: "Agogo, tandiuzani za dzulo, kuyambira pamene munadzuka mpaka pogona." M'nkhani ya tsiku limodzi mumatuluka zonse zimene mabuku amazigawa pawiri, zodzisamalira pathupi monga kusamba, kuvala, kudya ndi kupita kuchimbudzi, ndi zoyendetsera moyo monga kuphika, kugula zinthu, kusunga ndalama, kumwa mankhwala pa nthawi yake ndi kugwiritsa ntchito foni. Pa ulendo wachiwiri ajambule limodzi chithunzi cha anthu: dzina la mwini wake pakati, ndipo mozungulira onse amene amamuthandiza. Kenako afunse funso limene ambiri amaiwala: "Nanga inu mumathandiza ndani?" Nkhope imasintha pa funso limeneli. Mumamva za zidzukulu zimene akulera, mnzawo wodwala amene amakamuona, mabanja amene anawayanjanitsa.

Zolemba zilembedwe atachoka, tsiku lomwelo, popanda dzina lenileni la munthu.

Izi muwauze asananyamuke

Khomo likatseguka, ophunzira ena adzaona zinthu zowawa. WHO imati pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 alionse a zaka 60 ndi kuposerapo amachitiridwa nkhanza ya mtundu wina m'chaka chimodzi, ndipo apa tikunena okhala m'makomo mwawo. Nkhanza si kumenya kokha. Kunyozedwa, kuopsezedwa, kulandidwa ndalama kapena malo, kutsekeredwa m'chipinda, kumanidwa chakudya kapena mankhwala, zonsezi ndi nkhanza, ndipo wochita nthawi zambiri ndi wapabanja pomwepo.

Malamulo a wophunzira akhale omveka. Apeze mpata wolankhula ndi wachikulireyo payekha. Asalonjeze kuti "sindiuza aliyense", koma anene kuyambira pachiyambi kuti akaona moyo uli pangozi adzauza womuyang'anira. Asakangane ndi woganiziridwayo, chifukwa wophunzirayo akachoka, agogo aja atsala m'nyumba yomweyo. Akuuzeni inuyo tsiku lomwelo, ndipo inu mutsate malamulo a dziko lanu. Pa zonsezi afunse mwini wake chimene akufuna. Munthu wamkulu wa nzeru zake ali ndi ufulu wosankha, ngakhale kusankha zimene ife sitikugwirizana nazo. Mfundo za United Nations za mu 1991 zokhudza okalamba zinaika kudziimira ndi ulemu pamodzi ndi chisamaliro, ndipo pa ntchito yeniyeni zitatuzi zimakokana. Patulani ola lathunthu sabata iliyonse loti ophunzira akambirane nanu zokokana zimenezi.

Asaweruzenso msanga wosamalira. Mwana wamkazi amene wayankha mwaukali mwina watha miyezi osagona tulo tokwanira. Wophunzira amufunse kuti, "Nanga inu mumapuma liti?"

Chachisanu: ulendo wapansi

Apa ndiye pagona nkhani. Cha m'sabata yachisanu, gulu lililonse lipemphe wachikulire wake kuti aliyendetse m'njira imene amadutsa kawirikawiri, kaya yopita kogula zinthu, kuchipatala, kopemphera kapena kokwerera basi. Njira asankhe ndi iye, nthawi asankhenso ndi iye. Wophunzira mmodzi aziyenda pambali, wina pambuyo pang'ono ndi kope ndi wotchi ya pafoni. Lamulo ndi limodzi: osatsogola. Asagwire munthu mkono asanapemphe. Akalola, wachikulireyo ndiye agwire mkono wa wophunzira, osati kukokedwa.

Wolembayo alembe pamene aima ndi chifukwa chake. Mudzadabwa mmene munthu amaidziwira njira yake. Abambo ena amene ndinayenda nawo ankadziwa malo onse otsamira kuchokera pakhomo pawo mpaka pokwerera basi: mpanda wa njerwa, mtengo wamagetsi, chitsa. Pamalo ena panali mtunda wautali wopanda chogwira chilichonse. Tisanalowe pamenepo anaima, anapuma katatu mozama, anagwiritsa ndodo, n'kunena kuti, "Apa ndiye pamtsinje." Anawoloka osalankhula, maso ali pansi, mpaka dzanja linakhudza khoma la tsidya linalo. Wophunzira amene anali nafe ankadutsa pamalopo tsiku lililonse, koma sanadziwe kuti pali mtsinje.

Zoyenera kuona n'zambiri, koma zisachoke pa zimene mwini ulendo akusonyeza. Pansi pali maenje, miyala yogwedera, mchenga woterera kapena ngalande yosatseka? Pokhala palipo, ndipo pali mthunzi? Chimbudzi chapafupi chili kuti, n'chotsegula? Masitepe ali ndi chogwirira? Zikwangwani zili ndi zilembo zoti maso otopa n'kuwerenga? Basi imaima nthawi yokwanira kuti munthu akwere n'kukhala pansi isananyamuke? Kukada, njirayo imawala? Aonenso anthu: ndani wapereka moni, ndani wapatuka, ndani waimba belu la njinga mokalipa.

Powoloka msewu atenge nthawi. M'mayiko ambiri maloboti a oyenda pansi amawatchera poganiza kuti munthu amayenda mita 1.2 pa sekondi. Kafukufuku wa ku England wofalitsidwa mu 2012 anapeza kuti anthu ambiri a zaka 65 ndi kuposerapo safika liwiro limeneli. Ophunzira awerengere okha: msewu wa mamita 12 umapatsidwa masekondi 10, koma woyenda mita 0.8 pa sekondi afunika masekondi 15. Masekondi asanu otsalawo amakhala ali pakati pa msewu magalimoto atayamba kale kulira. Kumene kulibe maloboti, ayeze nthawi imene munthu amadikira kuti apeze mpata.

Afunsenso za kugwa. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 65 ndi kuposerapo amagwa chaka chilichonse, ndipo ambiri sauza aliyense poopa kuletsedwa kutuluka. Wagwa kamodzi amayamba mantha, mantha amamukhazika m'nyumba, kukhala m'nyumba kumafooketsa miyendo, ndipo miyendo yofooka imamugwetsanso.

Funso lomaliza pa ulendowu ndi lakuti, "Ndi kuti kumene munkapita kale koma munasiya?" Malo amenewo alembedwe ndi inki yofiira. Kwa amene satulukanso n'komwe, ulendo ukhale wa m'nyumba momwemo, kuchoka pabedi kupita kuchimbudzi, kukhitchini mpaka pakhomo, akuona kuwala, mphasa zopindika ndi zingwe zodutsa pansi.

Chachisanu ndi chimodzi: bwezani zimene mwapeza kwa eni ake

Magulu onse aphatikize njira zawo pa mapu amodzi aakulu, ojambula pamanja. Pamene anthu angapo anaima pamalo amodzi paoneka pokha. Kenako itanani msonkhano, ndipo msonkhanowo ukhale chitsanzo cha zimene mukunena: masana, malo opanda masitepe, mipando yokhala ndi moyedzamira, chimbudzi pafupi, zilembo zikuluzikulu, wolankhula mmodzi pa nthawi, osapitirira ola ndi theka. Amene sangathe kubwera, ophunzira akawafunse kunyumba n'kubweretsa mawu awo.

Ophunzira afotokoze mwachidule, kenako afunse kuti, "Tamva bwino kapena talakwitsa pati?" Adzakonzedwa, ndipo n'zofunika kuti akonzedwe pamaso pa anzawo. Posankha choyamba kuchita, patsani wachikulire aliyense timiyala titatu kuti aike pa mavuto amene akumuwawa kwambiri. Njira imeneyi imapatsa mwayi wofanana kwa wolankhula kwambiri ndi wamanyazi, wodziwa kulemba ndi wosadziwa. Ophunzira ndi aphunzitsi saponya nawo. Nthawi zambiri chimene chapambana sichikhala chimene kalasi inkayembekezera. Inu mumaganiza za chipatala, iwo asankha chimbudzi kapena benchi.

Chachisanu ndi chiwiri: sinthani chinthu chimodzi

Tengani ziwiri zokha: chimodzi choti chitheke m'masabata otsalawo ndi manja a anthu a m'deralo, china chopita nacho kwa akuluakulu a khonsolo kapena a mabasi. Ophunzira amafuna kukonza zonse, koma wogwira zambiri amataya zonse, ndipo achikulire ambiri anaonapo kale alendo obwera ndi mapepala n'kuzimiririka.

Ngati ndi benchi, likhale pamene anthu anaima pa ulendo uja, osati pamene likuoneka bwino. Kutalika kwake kukhale masentimita 45 mpaka 50, likhale ndi moyedzamira ndi mogwira manja, chifukwa vuto lalikulu si kukhala koma kudzuka. Pamene benchi silingatheke, tengerani nzeru ya ku Manchester ndi Nottingham, kumene eni masitolo amaika chizindikiro pakhomo chosonyeza kuti wachikulire angalowe n'kukhala pampando osakakamizidwa kugula kanthu. Mpando umodzi ndi mtima wabwino basi.

Popita kwa akuluakulu, wolankhula akhale wachikulire, wophunzira anyamule mapu ndi manambala. Pempho likhale limodzi, lolembedwa pa tsamba limodzi, lotchula malo enieni, ndipo musachoke musanamve dzina la woyankha ndi tsiku lobweranso. Zimathandiza kusonyeza kuti ena anachitapo. New York, umene unali m'gulu la mizinda yoyamba kulowa mu mgwirizano wa WHO wa madera okomera okalamba utakhazikitsidwa mu 2010, unawonjezera nthawi yowolokera misewu m'madera okhala achikulire ambiri ndi kuika mabenchi m'misewu. Ku Singapore, wachikulire amagunditsa khadi lake pa loboti ndipo nthawi yowolokera imatalika.

Zosintha zina sizioneka ndi maso. Mu 2003 kutentha koopsa kunapha anthu pafupifupi 15,000 ku France, ambiri mwa iwo okalamba, ena ali okhaokha m'nyumba. Pambuyo pake makhonsolo analamulidwa kusunga kaundula wa achikulire ndi olumala amene apempha kuti aziyenderedwa nyengo ikaipa. Kalasi yanu ingathandize dera kupanga kaundula wotere, wolowamo mwa kufuna kwa munthu, wosonyeza amene adzagogoda pakhomo la yani kukatentha, kukazizira kapena madzi akasefukira. Asungidwe mosamala, pakuti mndandanda wa anthu okhala okha ukagwera m'manja olakwika ndi ngozi.

Ndipo musaiwale yankho la funso lija lakuti "inu mumathandiza ndani?" Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera ndi kulangiza anthu ovutika maganizo atakhala pa benchi panja pa chipatala. Ntchitoyi imatchedwa Friendship Bench, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti odwala ankapezadi bwino. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo dera limene likungowaona ngati olandira thandizo likudzimana lokha. Pa ntchito iliyonse imene mwasankha, pakhale mbali imene achikulire akutsogolera.

Chomaliza: kuyesa ophunzira ndi kutsanzika

Mayeso olemba okha sangakuuzeni ngati wophunzira amadziwa kudikira yankho. Gawani malikisi patatu: kope la maulendo, ntchito ya gulu, ndi mawu a wachikulire amene anayenda naye. Mufunseni mafunso osavuta. Ankafika pa nthawi? Ankakumverani mpaka mumalize? Anachitapo kanthu osakufunsani? Mungamulole kubweranso?

Teremu imodzi siikwanira. Ku America, bungwe loyang'anira maphunziro a social work, CSWE, mothandizidwa ndi John A. Hartford Foundation, linalimbikitsa kuti nkhani za ukalamba zilowe m'maphunziro onse m'malo mokhala phunziro losankha la anthu ochepa. Inunso kambiranani ndi aphunzitsi anzanu. Wophunzitsa za ana aikemo agogo olera zidzukulu, wa zamalamulo aikemo kulandidwa katundu, wa zaumoyo wa maganizo aikemo mayi wamasiye wa zaka 75.

Kutsanzika kukonzedwe kuyambira pachiyambi. Kwa wophunzira teremu yatha, koma kwa munthu wokhala yekha, Lachitatu lija linali tsiku limene pakhomo pamamveka "odi". Tsiku lomaliza linenedwe pa ulendo woyamba, likumbutsidwenso kutatsala masabata atatu. Wophunzira asalonjeze kuti azibwerabe ngati sadzatha. M'malo mwake, asanachoke aonetsetse kuti pa chithunzi cha anthu chija pawonjezeka dzina limodzi la munthu wa m'dera momwemo amene wavomera kumafika.

Pa ulendo womaliza ayendenso njira ija, pa nthawi yomwe ija, wotchi ili m'manja. Alembe pamene aima ulendo uno, ngati benchi likugwiritsidwa ntchito, ngati ngalande yatsekedwa, ndi zimene khonsolo inalonjeza koma sinachite. Mapu ndi kopelo zikhale ziwiriziwiri: zina zitsale ndi gulu la achikulire, zina muzisunge inu kuti kalasi ya chaka chamawa idzayambire pa malo olembedwa ndi inki yofiira aja.